Bondo la a Kasimu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditakhala pakhomo chaka chathunthu. Ndinali nditamaliza maphunziro othandiza anthu kuyambanso kuyenda akavulala kapena akachitidwa opaleshoni, ntchito imene anthu amangoitchula kuti mafizo, koma malo sankapezeka. Ndinabwerera kwathu ku Mpingu, kumene bambo anga ankaphunzitsa kupulaimale, n'kumathandiza amayi kudimba. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa chigwirizano anandikokera pambali.

"Kodi Tiyamike, si iwe unaphunzira zowongola miyendo? Kuchipatala kumene kukugwira ntchito mwana wanga akufuna munthu wotero. Lemba kalata lero lomwe."

Ndinalemba, anandiitana, ndipo mwezi wotsatira ndinakwera njinga yakabaza ndi chikwama changa kupita kuchipatala china chaching'ono, kupitirira Nsaru.

Chipinda cha mafizo chinali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi kochapira. Munali bedi limodzi lolimba, mapaipi awiri owotcherera oti wodwala azigwirira pophunzira kuyenda, ndodo zoyendera za m'khwapa, timatumba ta mchenga tomangirira kumwendo, ndi benchi lodikirira. Benchilo linali m'kati momwemo, chifukwa pakhonde pankawomba dzuwa. M'thumba la yunifomu ndinkayenda ndi goniyomita, kachipangizo ka pulasitiki kooneka ngati marula awiri olumikizidwa ndi kamsomali. Kamsomaliko umakaika pambali pa bondo, rula imodzi kutsata ntchafu, ina kutsata msongolo, n'kuwerenga madigiri amene bondo lapinda. Kuti munthu akhale bwino pampando pamafunika madigiri 90. Kuti agwade pamafunika ambiri kuposa pamenepo.

Mkulu wanga anali a Mbewe, amene ankaona odwala mafupa, kumanga pulasitala ndi kulemba mankhwala. Kulemba mankhwala sikunali kwanga. Tsiku loyamba anandiphunzitsa kufunsa ululu ndi dzanja. Chibakera ndiye kuti sipakupweteka, chala chimodzi ndi pang'ono, zala zisanu ndi ululu wosapiririka.

"Osalosera," anatero. "Uziwafunsa eni ake, asanayambe mafizo komanso akamaliza, n'kulemba."

A Kasimu anabwera ndili m'mwezi wachitatu. Anali bambo wa zaka za m'ma fifite, Msilamu, telala wa pa Nsaru. Ankasoka mayunifomu a ana asukulu pa makina opalasa ndi mapazi, pakhonde la sitolo ya achimwene awo. Njinga yamoto inawagunda akuwoloka msewu, fupa la msongolo n'kusweka pamwamba penipeni, polumikizira bondo. Kuchipatala cha m'tauni anawachita opaleshoni n'kuwaika chitsulo. Anafika kwa ife patatha masabata anayi, ali ndi akazi awo, a Asiyatu, mayi wosalankhulalankhula amene ankanyamula jumbo la mabuku ndi mankhwala.

Nditayeza, bondo linkapinda madigiri 40 okha. Ndinawafotokozera kuti bondo lochitidwa opaleshoni likangokhala osapindidwa limauma, ndipo likauma silibwerera mophweka.

"Ndiye tiyambe, mwanangu," anatero. "Ana asukulu sangandidikire mpaka kalekale."

Anali wodwala wosavuta. Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndinkawagoneka chagada, kukoleka chitenje kuphazi, iwo n'kumakoka nsonga zake kuti chidendene chiyende pang'onopang'ono kulunjika kumatako. Ndinkaika thaulo lokulunga pansi pa bondo, iwo n'kumalikanikiza kuti minofu ya ntchafu idzuke. Kenako ankakhala m'mphepete mwa bedi, mwendo uli lende, ine ndikuwugwirira. Kuponda pansi ndi mwendowo kunali koletsedwa. Tikamaliza ndinkawaika chozizira pabondo kwa mphindi khumi ndi zisanu. Kunyumba analibe madzi oundana, choncho ndinawauza kuti azitenga mafilizesi mufiliji ya kusitolo ya achimwene awo, kuwakulunga m'kansalu, n'kuika pabondo. Anaseka kwambiri, amvekere ana a pa Nsaru awaimba mlandu. M'masabata awiri tinafika madigiri 65.

Lachiwiri la sabata yachitatu ndinaona kuti akusinza ndikulankhula nawo. A Asiyatu anadandaulanso kuti bambowo akutha masiku anayi osapita kuchimbudzi. Ndinapempha kuona mankhwala. M'buku lawo lakuchipatala munalembedwa kuti amwe tramadolo kwa masabata awiri okha, pamodzi ndi panado. Tramadolo ndi mankhwala amphamvu opha ululu, a gulu limodzi ndi mofini, ndipo munthu akawamwa nthawi yaitali thupi limawazolowera. M'jumbo muja munali makapisozi ambirimbiri. Amene anapatsidwa kuchipatala atatha, alamu awo ankawagulira ena m'tauni. Ankamwa awiri, kanayi pa tsiku, ndipo masabata anali atakwana asanu ndi limodzi. Panado anali asanamukhudze n'komwe.

"Ameneyo si wa mutu, eti?" anafunsa a Asiyatu.

Choyenera chinali kuwatenga n'kupita nawo kwa a Mbewe nthawi yomweyo. Koma pakhomo pa a Mbewe panali mzere wautali wa anthu ofuna pulasitala, ndipo ine ndinkadzimva kuti nkhaniyi ndikuidziwa. Ndinali nditailemba pa mayeso n'kukhoza bwino. Pabenchi panali odwala awiri ndi owadikirira awo. Sindinawaganizire n'komwe.

"Bambo," ndinatero, mawu ali pamwamba, "mankhwala awa ndi omwe aja anyamata akumwa m'misika kuti aledzere. Inu mwayamba kale kuwazolowera. Mukapitiriza mudzakhala ngati iwowo. Muyenera kuwasiya."

A Kasimu anandiyang'ana, kenako anayang'ana kubenchi. Anakonza chipewa chawo, n'kutenga ndodo.

"Ndamva, adokotala."

Anali asananditchulepo choncho. Ine ndinaona ngati ndi ulemu, ndipo tsiku lonse ndinali wosangalala kuti ndagwira chinthu chimene ena sanachione. Ndinati ndiwauza a Mbewe Lachisanu, a Kasimu akabweranso.

Lachisanu linafika a Mbewe atapita ndi ambulansi kukaona odwala kumbali ya Nambuma. Cha m'ma eyiti galimoto ya achimwene a a Kasimu inaima pafupi ndi khonde, ndipo amuna awiri anawatsitsa atawanyamula. Malaya anali atanyowa ndi thukuta, koma iwo akunjenjemera ngati ndi m'mwezi wa Juni. Misozi ndi mamina zinkangotuluka. Ankayasamula mosalekeza, ndipo mwendo wabwinowo unkangopalasa pabedi, osakhazikika. A Asiyatu anati atsegula m'mimba masiku awiri, sakudya, sakugona. Nditawafunsa za ululu anatambasula zala zonse zisanu, osatsegula maso.

Choyamba chimene ndinaopa chinali mafinya m'fupa. Chitsulo chikagwidwa ndi matenda, munthu amatha kubwerera kuopaleshoni, ena mpaka kutaya mwendo. Ndinaitana namwino. Tinayeza kutentha kwa thupi, kunali bwinobwino. Tinawabaya chala kuyeza malungo, sanapezeke. Chipsera chinali chouma, chosafiira, chosatentha. Bondo lokha linali litatupa, ndipo nditaika goniyomita linakana kupitirira madigiri 45. Zimene tinapeza m'masabata awiri zinali zitabwerera pafupifupi zonse.

Ndinatuluka panja n'kuimbira a Mbewe. Anandifunsa za bala, za kutentha thupi, za kugunda kwa mtima. Kenako anati, "Akuyasamula? Mamina akutuluka?"

"Eya."

"Tramadolo anawapatsa kutauni, eti? Wafunsa kuti amaliza kumwa liti?"

Ndinalowa, foni ili kukhutu, n'kuwafunsa a Asiyatu. Anayankha akuyang'ana pansi.

"Lachiwiri lomwe lija. Titangofika kunyumba anandilanda jumbo, anayenda okha ndi ndodo zawo mpaka kuchimbudzi, n'kukhuthulira zonse m'dzenje. Ndi panado yemwe."

A Mbewe anamva. Kenako anati, "Unawauza chiyani Lachiwiri?"

Ndinatulukanso panja n'kuwauza zonse, mawu ndi mawu.

"Za iwe tikamba ndikabwera," anatero. "Pano apatseni madzi a thanzi pang'onopang'ono, ndi panado awiri. Bulufeni ayi, munthu akutsegula m'mimba, tingawononge impso. Mupatse namwino foniyo, ndimuuze awapatse kapisozi mmodzi wa tramadolo. Akamwa, zambiri ukuzionazi zichepa."

Namwino anabwera ndi kapisoziyo m'kachivindikiro. A Kasimu anamwa madzi a thanzi, anamwa panado. Ataona kapisozi anatembenukira kukhoma.

"Bambo, imwani. Mupeza bwino," ndinatero.

"Adokotala, si inu munandiuza kuti ndiwasiye?"

"Ndinatero, koma..."

"Ine zaka zanga zonsezi mowa sindinaulawe. Fodya sindinamugwire. Lero ndikaime mumzikiti anthu akudziwa kuti Kasimu amamwa za anyamata a mumsika?"

A Asiyatu ndiwo anandiuza chimene sindinkachidziwa. Mmodzi wa amayi amene anali pabenchi Lachiwiri ankagulitsa tomato moyang'anizana ndi khonde limene a Kasimu ankasokera. Pofika Lachitatu masana nkhani inali itazungulira msika wonse. Wina anafika mpaka kunyumba, ati kudzazonda, n'kufunsa ngati n'zoona kuti bambo ayamba mankhwala ozunguza bongo.

Ndinapempha anthu a pabenchi kuti adikire panja. Ndinagwada pambali pa bedi, mmene ndingagwadire kwa bambo anga.

"Bambo, wolakwa ndine. Inu simunalakwe chilichonse. Munkamwa chifukwa bondo linkapweteka, ndipo palibe anakuuzani mlingo wosiyira. Ndinayenera kukutengerani kwa a Mbewe kuti azikuchepetserani pang'onopang'ono. Ndinayeneranso kulankhula nanu panokha. Pepani."

Anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzukani, adokotala, mudetsa yunifomu. Ndakumvani. Koma chimenecho sindimwa."

Kuyambira nthawi imeneyo mpaka cha m'ma thuu masana ndinachita zochepa zimene ndikanatha. Ndinakweza mwendo pamapilo awiri kuti ukhale pamwamba kuposa chifuwa. Ndinaika chozizira pabondo, kuchotsa, kudikira, kuikanso. Ndinkawafunditsa bulangeti akamazizidwa, kuwavundukula akamatuluka thukuta. Ndinkawerenga nawo mpweya, kukoka mpaka kanayi, kutulutsa mpaka kasanu ndi kamodzi. Kawiri konse amuna aja anawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Odwala ena ndinkawathandizira pakhonde, koma maganizo anga anali m'chipinda. Nthawi ya swala itakwana, a Asiyatu anabweretsa madzi m'kabeseni, ndipo bambowo anapemphera ali chogona, milomo yokha ikugwedera. Ululu unatsika kufika zala zinayi, osapitirira apo.

A Mbewe anafika fumbi lili mbuu m'tsitsi. Sanandiyang'ane. Anasamba m'manja, anaona bala, anagwira bondo, kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mutu wa a Kasimu.

"Bambo, ndikufunseni. Makapisozi amenewa munawamwapo tsiku lina kuti musangalale?"

"Ayi."

"Munawabisirapo mayiwa?"

"Ndi amene ankandipatsa."

"Ndiye mverani. Munthu amene mankhwalawa amugwira mtima sawataya m'chimbudzi. Amawabisa m'pilo. Inu chimene chazolowera ndi thupi, ndipo thupi la munthu aliyense limatero, la shehe, la m'busa, langa lomwe. Munakwera padenga pang'onopang'ono kwa masabata asanu ndi limodzi, Lachiwiri n'kudumpha. Ine sindikukubwezerani pamwamba. Ndikufuna mutsike ndi makwerero."

A Kasimu anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa bulangeti.

"Makwerero amenewo ali ndi mapeto?"

"Ali nawo."

"Ndikufuna ndilione tsikulo litalembedwa."

A Mbewe anafotokoza dongosolo. Ayambira pa kapisozi mmodzi kanayi pa tsiku, theka la zimene ankamwa kale. Sabata iliyonse achotsapo mmodzi. Wotsiriza kuchoka adzakhala womwa kutatsala ola limodzi kuti ayambe mafizo. Panado azimwa pa nthawi yake tsiku lililonse, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Bulufeni adzayamba m'mimba mukaleka, kwa masiku ochepa, atadya kaye. Makapisozi azitenga kwa ife, a sabata imodzi basi, wosunga ndi a Asiyatu, ndipo alamu aja asagulenso. Sabata ina ikadzavuta, adzabwere tidzachedwetse, asadzadzichitire okha.

A Mbewe anatulutsa cholembera, koma a Kasimu anakweza dzanja n'kuloza ine.

"Alembe yemweyu."

Ndinatenga buku lawo lakuchipatala n'kujambula mizere ndi rula. Masabata anayi, masiku asanu ndi awiri pa sabata, kabokosi kamodzi pa kapisozi aliyense, kuti a Asiyatu azichonga. Pansi ndinalemba tsiku lomaliza n'kulizunguliza. A Kasimu anawerenga tsamba lonse ndi chala, ngati akuwerenga miyezo ya kasitomala. Kenako anatambasula dzanja kwa namwino, anatchula dzina la Mulungu, n'kumeza.

Pasanathe maola awiri kunjenjemera kunaleka. Anagona tulo, koyamba m'masiku atatu. Tinawagoneka m'wadi masiku atatu kuti madzi abwerere m'thupi.

Lachisanu lomwelo a Mbewe anandiitana muofesi mwawo tisanaweruke. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso kulemberedwa kalata. Analankhula motsitsa mawu.

"Zimene unaona zinali zoona. Mlingo unali wochuluka, ndipo ukanapanda kutsegula jumbo lija sitikanadziwa. Koma unawauza choti aope, osawauza choti achite. Munthu womvera ngati uyu amachita ndendende zimene wanena. Ndipo nkhani ya mankhwala siikhala mpaka Lachisanu. Mzere ukatalika uzigogoda pachitseko changa."

Ndinakalirira kuseri kwa kochapira.

Lolemba, akutuluka m'wadi, ndinawapempha a Kasimu chilolezo choti ndikalankhule ndi mayi wa tomato uja, ndikamuuze kuti ndinalankhula molakwa. Anakana.

"Mukangowonjezera nkhuni, mwanangu. Zisiyeni. Anthu adzaona okha."

Choncho cholakwa changa chinatsala mumsika, ine osatha kuchichotsa. Ndinamva pambuyo pake kuti makolo ena anapititsa nsalu za mayunifomu kwa telala wina. Kaya chinali chifukwa cha bondo kapena cha nkhani ija, sindikudziwa.

Kutsikako sikunayende mosalala. Sabata yachitatu, atatsala ndi makapisozi awiri pa tsiku, tulo tinavutanso ndipo a Asiyatu anati bambo akukwiya ndi zinthu zazing'ono. Anabwera monga tinapanganira. A Mbewe anawonjezera masiku asanu pa mlingo womwewo, ine n'kujambula mabokosi ena m'mphepete mwa tsamba. A Kasimu sanakondwe kuona tsiku lozungulizidwa lija likusuntha, koma anavomera. Tinasinthanso mafizo. M'malo mokoka chitenje kwa nthawi yaitali kamodzi, ankakoka pang'ono kasanu pa tsiku, n'kusiya ululu ukafika zala zitatu. Ndinaphunzira kuti bondo limapinda bwino munthu akamacheza, choncho ndinkawafunsa za ntchito yawo. Anandiphunzitsa kusiyanitsa nsalu yochucha ndi yosachucha, bondo likupita madigiri 80 iwo osazindikira.

Kapisozi womaliza anamwera m'chipinda cha mafizo. A Asiyatu anachonga kabokosi kotsiriza, n'kundipatsa kapepala ka makapisozi kopanda kanthu kuti ndione ndekha. Patapita masabata ena, ekisireyi itaonetsa kuti fupa lagwirana, a Mbewe analola kuti ayambe kuponda, poyamba pakati pa mapaipi aja, kenako ndi ndodo imodzi, kenako opanda kanthu. Bondo linafika madigiri 105 n'kuima pomwepo. Anabwerera pamakina awo, ngakhale kuti mwendo wabwinowo ndi umene unkagwira ntchito yambiri. Kugwada sikunathekenso, ndipo mumzikiti ankaswali atakhala pampando. A Mbewe anati fupa linasweka moipa, mwina zikanathera pomwepo ndithu. Mwina n'zoona. Koma sabata ija tinaitaya pa nthawi imene bondo linali lisanaume, ndipo ine ndikudziwa chimene chinaitayitsa.

Papita zaka zingapo, ndipo ndathandiza mawondo, ziuno ndi mapewa ambiri. Maganizo anga pa mankhwala amphamvuwa sanasinthe. Ndi othandiza masiku oyamba, ndipo sayenera kukhalitsa. Chimene chinasintha ndi kalankhulidwe. Wodwala aliyense wochokera kuopaleshoni ndimamupempha jumbo la mankhwala tsiku loyamba lomwe, osati pa ulendo wachisanu. Ndimawerenga zimene akumwa, kangati, kuyambira liti, ndipo ndikaona kuti zachuluka ndimapita naye ndekha kwa wolemba mankhwala tsiku lomwelo. Mawu oti "muwasiye" ndinawachotsa pakamwa panga. Ndimati, "Mankhwalawa akuthandizani, ndipo tsopano tiyamba kuchepetsa limodzi. Musadumphe tsiku, musataye. Pakavuta bwerani." Ndimawauzanso zimene thupi lingachite akamatsika, thukuta, kuyasamula, kusowa tulo, kuti zikabwera asaganize kuti asanduka munthu wina.

Ophunzira akabwera kudzayeserera ntchito amafulumira kugwira goniyomita, monga ndinkachitira ine. Ndimawalola. Koma ikafika nkhani ya mankhwala ndimawaimitsa asanatsegule pakamwa, n'kuwauza kuti ayambe ayang'ana amene ali pabenchi, awapemphe adikire panja, atseke chitseko, akhale pansi. Akatero ndiye alankhule.